Sipanala ndi Mizere Isanu

Makina oziziritsa madzi a mu labotale yanga anafa Lachisanu masana, kutatsala miyezi itatu kuti ndipume pa ntchito. Anayamba kulira ngati munthu wa chifuwa, kenako kunamveka kafungo ka waya wopserera, basi n'kukhala chete. Ndinathamanga kukazimitsa pampu mafuta ake asanapse. Pobwerera pa kompyuta, kamzere kamene ndinali nditangokaona kakutuluka kanali katazimirira.

Ntchito yanga ndi yofufuza mamolekyu, timagulu ta maatomu tosaoneka ndi maso, amene ali kutali m'mlengalenga, pakati pa nyenyezi. Kumeneko kuli mitambo ya fumbi ndi mpweya, yakuda bii, yozizira moti mpweya timapumawu utafikako ungaume gwa. Mamolekyu a m'mitamboyo amazungulira, ndipo pozungulirapo amatulutsa mafunde a wailesi, mtundu uliwonse mafunde akeake. Chimbale chachikulu cha telesikopu chikatola mafundewo, amaoneka papepala ngati mizere yoimirira, ndipo ife timaiwerenga n'kunena kuti uwu ndi wa chakuti, uwo ndi wa chakuti. Koma kuti unene molimba mtima uyenera kupanga molekyu yomweyo pansi pano, mu thanki yachitsulo yochotsedwa mpweya wonse, n'kuona ngati mizere yake ikugwera pamalo omwewo.

Panali mizere isanu imene telesikopu inatola mu mtambo wina zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo palibe ankadziwa mwini wake. Zaka zonsezo ndinkasakaniza magasi, kuwaombetsa magetsi mu thanki muja, kuyeza, kulephera, kuyambiranso. Anzanga ena anatopa nayo n'kupita ku zina. Tsiku limenelo ndinali nditayesa kasakanizidwe katsopano, ndipo mzere woyamba utangosuzumira, makina aja anafa.

Lolemba ndinaimbira kampani imene inatigulitsa makinawo. Anandiuza kuti otere anasiya kupanga kalekale, ndipo atsopano angafike pakatha miyezi iwiri, mwinanso itatu. Pofika nthawi imeneyo thanki yanga ikanakhala itamasulidwa, chifukwa chipindacho anali atalonjeza kale anthu a makompyuta.

Nkhani ya mwana wanga anaiyambitsa ndi a Magalasi. Iwowa ndi bambo wachikulire amene amaumba machubu agalasi a malabotale onse a m'nyumba yathu ija, ndipo timagwira ntchito moyandikana kuyambira tsitsi lathu lili lakuda. Anandipeza nditakhala pansi pafupi ndi makina akufawo.

"Adokotala, mukudandaula chiyani pamene mwana wanu akukonza mafiriji a tauni yonse kwanu kuja? Ichi n'chifiriji basi, changonenepa."

"Ali ndi ntchito zake," ndinatero.

"Mwamufunsa?"

Iwo anabwerera ku lawi lawo loumbira machubu akuimba kamluzu.

Mwana wangayo aliyense amamutcha Sipanala. Ndinamubereka ndili pasukulu, ndipo bambo ake anatisiya iye asanayambe n'kukwawa komwe. Atakwanitsa zaka zitatu ndinapeza mwayi wokaphunzira kutali, ndiye ndinamusiya kwa achemwali anga ndi alamu, amene pa nthawiyo analibe mwana. Ndinati zaka zinayi zokha. Zinayi zija zinasanduka zisanu ndi chimodzi, kenako ntchito inandipeza mu mzinda uno, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kuchokera kwathu. Alamu anali okonza mafiriji, ndipo mtsikanayo anakulira m'shopu mwawo, ndi kumene kunachokera dzinalo. Achemwali amawaitana kuti amayi. Ine amanditcha mayi aang'ono, ndipo salakwitsa, popeza ndine mng'ono wa amayi akewo. Amadziwa bwinobwino amene anamubereka, palibe anamubisirapo. Tinkaimbirana pa tsiku lake lobadwa kapena wina akamwalira pachibale, ndipo nkhani zathu zinkatha mphindi zitatu zisanakwane.

Ndinamuimbira Lachiwiri m'mawa, nditalemba papepala zoti ndinene.

"Mayi aang'ono, kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndi makina chabe."

Pepala lija silinagwire ntchito, chifukwa iye ndi amene ankafunsa. Anafuna kudziwa kukula kwa makinawo, zaka zake, ndiponso ngati fyuzi inapsa.

"Nanga analira bwanji asanazime?"

Ndinayesa kutsanzira kulirako pafoni, mayi wa imvi ndili ndekha mu ofesi. Anaseka kwambiri, kuseka kumene sindinkakudziwa.

"Tabwerezaninso."

Ndinabwereza.

"Kompuresa imeneyo, mtima wa firiji," anatero akusekabe. "Kumbuyo kuli kachitsulo kolembedwa manambala, mukajambule munditumizire. Ndikapeza yofanana nayo ndifika Lachinayi. Koma Loweruka m'mawa ndibwerera, pali chipinda chozizira cha ogulitsa mkaka chikundidikira."

Lachitatu sindinapite ku ntchito. Kunyumba kwanga kuli kachipinda kamene ndinakonza kalekale, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kanangosanduka mosungira mapepala. Ndinatulutsa makatoni onse, ndinakolopa, ndinagula zofunda zatsopano. M'sitolo ndinaima nthawi yaitali pa mashelefu, osadziwa ngati mwana wanga amamwa tiyi kapena khofi. Ndinagula zonse ziwiri.

Anafika Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana pa galimoto yake yotsegula kumbuyo, kompuresa itamangidwa ndi zingwe pamwamba pa tayala lakale. Anali atavala ovololo yabuluu yosuluka m'mawondo, tsitsi lometa lalifupi. Tinapatsana moni wa m'manja. Dzanja lake linali lolimba, lokhakhala, ndipo potsika masitepe opita ku labotale ndinaona kuti amayenda ngati malemu bambo anga, phewa limodzi lotsika pang'ono.

A Magalasi anatulukira pakhomo magalasi awo akuda ali pamphumi.

"Ndiye a Sipanala ake ndinu? Ine ndimakudziwani pa chithunzi chili m'kabati ya mayi anu, koma pamenepo mulibe mano akutsogolo. Ndasangalala kuona kuti anamera."

Sipanala anaseka n'kundiyang'ana mwakachetechete. Ine ndinayamba kusuntha mipando imene sinkatchinga aliyense.

Anagona chagada pansi pa makina aja n'kuwaunika ndi tochi, anagogoda apa ndi apo, ananunkhiza mafuta ake pachala. Thanki yanga, imene alendo onse amaima n'kumaigomera, sanaiyang'ane n'komwe. Nthawi yoweruka itakwana ndinamuuza kuti kunyumba ndamukonzera chipinda.

"Pepani mayi aang'ono, ndasungitsa kale malo ogona pafupi ndi ogulitsa zida. Ndikufuna ndikagule paipi akangotsegula."

Ndinati palibe vuto. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko cha kachipinda kaja kuti ndisamaone zofundazo podutsa.

Lachisanu tinayamba 8 koloko. Anadula mapaipi a kompuresa yakale, tinaikoka awiri, n'kulowetsa inayo. Mabowo a mabawuti sanagwirizane, ndiye anaboola ena. Powotcherera anandipatsa nsalu yonyowa kuti ndikulunge pa valavu isatenthe.

"Gwirani apa. Ayi, apa. Musaope, lawi silikufikani."

Ndinagwira. Nkhope yake inali pafupi ndi yanga moti ndinkaona kachipsera kakang'ono pachibwano pake, ndipo sindinkadziwa kuti anakapeza liti, anagwa pati, anamunyamula ndani. Akamawotcherera amatulutsa kansonga ka lilime. Zimenezi ankachita ali wakhanda akamayesa kuvala nsapato yekha.

Cha m'ma 11 koloko analumikiza kapampu kake n'kupukuta m'manja.

"Tsopano tidikire maola awiri, kachotse mpweya ndi chinyezi m'mapaipimu. Ukathamangira, chinyezi chimatsalira n'kudzapha kompuresa chaka chisanathe."

Tinakhala pa mipando yaitali ya mu labotale, buledi ndi mazira owiritsa zili pakati pathu. Anasankha tiyi, wa shuga wambiri. Apa m'pamene anayang'ana pepala lachikasu limene linali pakhoma, lokhomedwa ndi timisomali tinayi.

"Mizere yanu ija ndi imeneyi?"

Ndinamusonyeza isanu yonse, imene ndinaizunguliza ndi inki yofiira. Ndinamufotokozera kuti mipata ya pakati pake ndi yofanana, ndipo zimenezo zikutanthauza kuti mwini wake ndi molekyu yowongoka ngati ndodo, koma sitikudziwa kuti ndodoyo inapangidwa ndi maatomu ati. Anatenga tepi yake yoyezera n'kuyeza mipatayo yekha.

"Ikufananadi. Nanga mukaipeza, chichitike n'chiyani?"

"Tidziwa kuti iliko. Tidziwa pang'ono zimene zimakhalapo nyenyezi isanabadwe."

"Basi?"

"Basi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chimene sagula. Anasenda dzira pang'onopang'ono, makoko akuwaunjika m'mphepete mwa mpando wake.

"Makalata anu aja ndikadali nawo," anatero. "Munkajambula timipira tolumikizidwa ndi timitengo. Ine ndinkayesa maswiti amene mudzandibweretsere."

"Anali mamolekyu."

"Ndinadzazindikira ndili ku sekondale." Analoza thanki ndi chibwano. "Ndiye chimene munatsalira kuno n'chimenechi."

Sananene mokalipa. Ndinamukumbutsa kuti ndinabwera kudzamutenga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo iye anakana. Anakabisala kuseri kwa firiji ya kasitomala m'shopu ya alamu, akulira kuti sapita kulikonse, mpaka basi inandisiya ndipo ndinakwera ya mawa lake ndili ndekha.

"Ndikukumbuka," anatero. "Koma ndinakana kamodzi kokha. Chaka chotsatira ndinalongedza chikwama tchuthi chisanayambe. Ndinachibisa pansi pa bedi kuti amayi asachione, angakhumudwe. Munabwera, munakhala masiku anayi, munapita. Simunafunsenso."

Kapampu kaja kankangolira pansi. Ndikanatha kumuuza kuti achemwali anandipempha kuti ndisamusokoneze mwana, kapena kuti ndinkaganiza kuti ndikumupatsa mtendere. Zonsezo zinali zoona, koma sizinali zenizenizo.

"Ndinkaopa," ndinatero.

"Kuopa mwana wa zaka khumi?"

"Ee. Kuopa kuti ukananso."

Anayang'ana muvi wa kawotchi koyezera mpweya.

"Sindikunena kuti ndinavutika," anatero. "Amayi ndi ababa anandilera bwino, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Ndimangofuna mudziwe za chikwamacho."

"Munali chiyani m'chikwamamo?"

"Madiresi awiri, mswachi, ndi sipanala ya saizi teni imene ndinawabera ababa. Anaifunafuna mwezi wathunthu, mpaka anakangana ndi aneba."

Ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo iye anandipatsa nsalu yopukutira m'manja imene inali ndi girisi mbali imodzi. Anadikira kuti ndimalize.

"Komanso dzina limene ndimakuitanirani lija musamalione ngati chilango. Pakamwa panangozolowera."

"Ndikudziwa," ndinatero, ngakhale kuti mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa.

Muvi utafika pamene ankafuna, anadzuka n'kuthira gasi, kenako anayatsa. Makina ananjenjemera kamodzi n'kuyamba kulira mofatsa. Patapita mphindi khumi anatenga dzanja langa n'kuliika pa paipi yotuluka madzi. Inali yozizira, itayamba kale kuchita thukuta.

Vuto linali lakuti thanki yanga imafuna tsiku lathunthu kuti pampu ichotsemo mpweya wonse. Ndinamupempha kuti akhale mpaka Loweruka masana, aone nawo ngati mzere uja ubwerere.

"Mkaka wa anthu uwonongeka, mayi aang'ono."

Loweruka anadutsira ku labotale 7 koloko m'mawa, injini ya galimoto osazimitsa panja. Anaika khutu pa makina, anamanga nati imodzi, anandiuza kuti ndizitsuka sefa Lolemba lililonse. Pa masitepe anandigwira paphewa, n'kupita.

Mzere woyamba unatuluka cha m'ma 2 koloko masana, pamalo pomwe ndinauona makina asanafe. Mzere umodzi sutanthauza kanthu, ukhoza kukhala wa chilichonse. Ndinawerengera pamene wachiwiri uyenera kukhala, ndinasinthira makina pamenepo, n'kudikira. Kwa theka la ola panalibe chilichonse koma phokoso lokhalokha, ngati udzu wosametedwa m'munsi mwa sikirini. Kenako pakati pa udzuwo panayamba kukwera kansonga, pang'onopang'ono, pa nambala yomweyo imene ndinaizunguliza ndi inki yofiira zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Ndinatembenuka kuti ndinene. Pa mpando wa Sipanala panali makoko a dzira amene ndinaiwala kutaya, ndipo m'nyumba monsemo munalibe munthu, popeza Loweruka ngakhale a Magalasi sabwera.

Ndinamuimbira, koma sanayankhe chifukwa anali pamsewu. Mzere wachisanu unatuluka Lachitatu. Mwini wa mizereyo anali kaunyolo kowongoka ka maatomu a kaboni, kokhala ndi atomu ina kumapeto, kamene pansi pano sikakhalitsa ngakhale nthawi ya kuphethira kumodzi. A Magalasi anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti tsopano angathe kufa, koma ayamba adya kaye.

Sipanala anaimba tsiku lomwelo madzulo, mphepo ikuwomba pafoni.

"Ndili padenga la sitolo, ndiye lankhulani mokweza. Makina ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndaipeza, mizere isanu yonse."

"Yonse? Ndiye zakhala bwino." Ndinamva akugogoda chitsulo. "Nanga tsopano muzichita chiyani?"

Ndinamuuza kuti ndilemba pepala lofotokoza zimene ndapeza, kenako anthu adzamasula thanki. 

"Ndimafunsa chifukwa amayi akachitidwa opaleshoni ya maso mwezi wamawa," anatero. "Afunika munthu wowathira mankhwala kanayi pa tsiku. Ababa manja amanjenjemera, ndipo ine masana ndimakhala kulibe. Mukanabwera milungu iwiri."

Ndinavomera asanamalize kulankhula.

Pepala ndinalimaliza m'masiku khumi ndi awiri, ndipo m'munsi mwake, pamene timathokoza otithandiza, ndinalemba dzina la mwana wanga ndi ntchito yake. Thanki anaimasula ine kulibe. Ndinawasiyira a Magalasi makiyi, chifukwa sindinkafuna kuona.

Kwa achemwali ndinagona m'chipinda chimene Sipanala anakuliramo, popeza iye ali ndi nyumba yake tsidya lina la tauni. Achemwali, diso lili lomata, ankandilamulira ngati ndikadali wa zaka zisanu ndi ziwiri, kuti dontho ndalithira pambali, kuti makatani ndatsegula kwambiri. Tinkakangana pang'ono n'kumaseka. Alamu ankakhala pakhonde ndi wailesi imene saimva bwino. Mwana wanga ankadutsa m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, koma mphindi zisanu zokha, ataimirira, makiyi ali m'manja. Ine ndinkadzuka msanga n'kumamvetsera kulira kwa galimoto yake kuyambira ikukhota pa ngodya.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwera masana osanena. Anati wamaliza msanga ntchito ya kusukulu ina ndipo ali ndi njala. Ndinamuphikira mpunga ndi mazira, anadya mwachangu, kenako anakhala pa sofa kuti avule nsapato imene inkamuthina. Ndikuchokera kukhitchini ndinamupeza atagona, nsapato imodzi ili kuphazi, mutu utapendekera paphewa, kukamwa kuli kotseguka pang'ono.

"Wagona?" anafunsa achemwali chapansipansi ali pa mpando wawo. "Msiye. Sabata ino yonse wakhala akudzuka 4 koloko."

Ndinakhala pa mpando woyang'anizana naye, mbale ili m'manja. Ndinali ndisanamuone ali m'tulo kuyambira ali ndi zaka zitatu. Pamphumi pake panali mzere wa girisi, ndipo chala chimodzi chinkagwedera ngati akumanga chinachake. Ndinkamuyang'ana, osafuna ngakhale kuika mbale pansi kuopa phokoso.

Patapita mwina theka la ola foni yake inayamba kunjenjemera patebulo. Panalembedwa kuti ogulitsa mankhwala. Ndinaitenga n'kuiphimba ndi pilo pamiyendo panga mpaka inasiya. Achemwali anatembenuzira kwa ine diso lawo labwinolo. Itayambanso kachiwiri ndinadziwa kuti ndi firiji yosungira mankhwala, ndipo singadikire. Ndinadzuka, ndinamugwira pamkono, n'kumugwedeza pang'ono.

"Dzuka mwana wanga, akukufuna ku ntchito."

Anatsegula maso, anandiyang'ana kanthawi ngati sakudziwa pamene ali, kenako analandira foni n'kuyamba kufunafuna nsapato inayo pansi pa sofa.